Muyeso wa Dokotala Wofufuza Matenda: Zolemba za Dr. Denis Burkitt

Kale mbiri ya dokotala inkayenda ndi odwala amene iye adawachiza. Masiku ano, makamaka kwa dokotala amene ntchito yake ndi kufufuza za matenda, pali muyeso wina umene masukulu a ukachenjede ndi mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amaudalira kwambiri. Iwo amafunsa mafunso awiri. Kodi munthuyu walemba nkhani zingati m'magazini a akatswiri? Nanga akatswiri anzake azitchula kangati nkhanizo m'zolemba zawo? Mayankho ake ndi manambala, ndipo kawirikawiri manambalawo ndiwo amagamula ngati mphunzitsi wa pa yunivesite akwezedwe pa ntchito kapena akhale pomwe ali, ngati ndalama zipite kwa uyu kapena kwa uyo. Popeza ena mwa owerenga athu amakhala m'makomiti ogamula zotere, ndipo ena akuphunzitsa ana amene mawa adzayesedwa ndi muyeso womwewu, taona kuti m'pofunika kuti tiuonetsetse bwino.

Mwambo wake ndi wotere. Wofufuza akamaliza ntchito yake amalemba zimene wapeza ndi kuzitumiza kwa mkonzi wa magazini ya akatswiri. Mkonziyo amapereka nkhaniyo kwa akatswiri ena awiri kapena atatu kuti aone ngati ili yolongosoka, ndipo iwo akavomereza imasindikizidwa. Kumapeto kwa nkhani iliyonse yotere kumakhala mndandanda wa zolemba za anthu ena zimene mwini nkhaniyo watsamirapo. Dzina la munthu likaoneka pa mndandanda wa mnzake, ndiye kuti watchulidwa kamodzi. M'chaka cha 1955 munthu wina wa ku America, a Eugene Garfield, adapereka maganizo akuti maina a m'mindandanda imeneyi aziwerengedwa, ndipo mu 1964 bungwe lawo la ku Philadelphia lidayamba kutulutsa buku lotchedwa Science Citation Index, loonetsa amene watchula mnzake ndi pamene wamtchula. Mu 2005 a Jorge Hirsch, katswiri wa sayansi ku California, adaonjezapo nambala imodzi imene imatchedwa h-index. Munthu akakhala ndi nambala 20, ndiye kuti ali ndi nkhani 20 zimene iliyonse yatchulidwa maulendo osachepera 20.

Muyeso umenewu si wachabe ai. Kalata yoyamikira munthu angathe kuilemba mnzake wapamtima, koma n'kovuta kunyengerera akatswiri mazanamazana a m'maiko osiyanasiyana kuti atchule ntchito yopanda pake. Komabe muyeso uliwonse uli ndi zimene umaona ndi zimene umadumpha, ndipo kuti zimenezi zimveke bwino titenga zolemba za munthu mmodzi amene dzina lake limamveka tsiku ndi tsiku m'chipinda cha ana odwala khansa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Dr. Denis Burkitt adabadwira ku Enniskillen, kumpoto kwa Ireland, mu 1911. Ali ndi zaka 11 adavulala diso lakumanja ndipo lidachotsedwa, kotero kuti ntchito yawo yonse adaigwira ndi diso limodzi. Adaphunzira udokotala ku Trinity College mu mzinda wa Dublin, ndipo itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adapita ku Uganda mu 1946 ngati dokotala wa opaleshoni wa boma. Adayambira ku Lira, kumpoto kwa dzikolo, kenaka adasamukira ku chipatala chachikulu cha Mulago ku Kampala. Iwo sadaphunzire za kafukufuku wa khansa, ndipo adalibe chipinda choyezera zinthu. Ntchito yawo idali kung'amba ndi kusoka.

M'chaka cha 1957 dokotala mnzawo, Dr. Hugh Trowell, adawaitana kuti akaone mnyamata wa zaka 5 amene adatupa nsagwada mbali zonse, kumwamba ndi pansi pomwe. Patangopita masabata ochepa, ali pa ulendo ku Jinja, adaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi. Dokotala wina akadangodabwa ndi kupitirira, koma a Burkitt adabwerera kukafukula makaundula akale a chipatala, ndipo adapeza kuti ana otupa nsagwada ankakhalanso ndi zotupa m'mimba, mu impso ndi m'malo ena. Madokotala ankalemba zotupazi ngati matenda osiyanasiyana malinga ndi chiwalo chimene chagwidwa. A Burkitt adati onsewa ndi matenda amodzi. Mu 1958 adasindikiza nkhani ya masamba 6 m'magazini ya British Journal of Surgery, yofotokoza za ana 38.

Nkhaniyo idangoti zii. Imene lero ili pa chiyambi cha mbiri yonse ya matendawa idakhala zaka ziwiri ndi miyezi popanda anthu ambiri oilabadira. Zifukwa zake n'zosabisika. Idatuluka m'magazini ya madokotala a opaleshoni, pamene anthu ofufuza za khansa amawerenga magazini ena. Inkakamba za ana a ku Africa, ndipo dokotala wa ku London kapena ku New York sankayembekeza kuti adzakumana ndi mwana wotere pa chipatala chake. Ngakhale mutu wake udali wolakwika, pakuti a Burkitt adatcha chotupacho sarcoma, ndipo adali anzawo a pa Makerere, Dr. Gregory O'Conor ndi Prof. Jack Davies, amene atachiyang'ana pa maikulosikopu adaonetsa mu 1960 kuti ndi lymphoma, khansa ya maselo oyera amene amateteza thupi ku matenda. Tsono tiyerekeze kuti komiti yokweza anthu pa ntchito idakhala pansi m'chaka cha 1960 ndi kuika manambala patsogolo. Ikadapeza bambo wa zaka 49, wa nkhani zowerengeka, zotchulidwa mwa apo ndi apo, imodzi mwa izo ya mutu wolakwika. Sitikukayika kuti ndalama ikadapatsa munthu wina.

Ndalama zimene iwo adapezadi zidali mapaundi 25. Adasindikiza nazo timapepala toposa 1,000 tokhala ndi zithunzi za ana odwalawo, natitumiza ku zipatala za boma ndi za mishoni m'maiko ambiri a mu Africa, ndi funso lakuti kodi matenda otere mudawaonako kwanuko? Yankho lililonse likafika ankabaya pini pa mapu. Mapiniwo atachuluka adaonetsa lamba wopingasa pakati pa Africa, wokhala ndi mchira wotsikira ku gombe la kum'mawa mpaka ku Mozambique.

Zinthu zidatembenuka mu 1961. M'chaka chimenecho a Burkitt ndi a O'Conor adalemba za matenda omwewo m'magazini ya ku America yotchedwa Cancer, imene ofufuza za khansa amaiwerenga, ndipo apa dziko lidatchera khutu. Matenda adali omwewo, wolemba adali yemweyo. Chidasintha ndi bwalo limene nkhaniyo idakambidwira. Ichi n'chinthu choti akuluakulu oyesa ntchito za ena achisunge mumtima, chifukwa kufikira lero wofufuza wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka amene wasindikiza m'magazini ya kwawo, kuti azaumoyo a kwawo awerenge msanga, amatchulidwa pang'ono poyerekeza ndi mnzake amene watumiza nkhani yofanana nayo ku magazini yotchuka ya kunja.

Koma chinthu chachikulu koposa m'chaka chimenecho sichidali cholembedwa konse. Pa 22 March 1961, ali pa tchuthi ku England, a Burkitt adakalankhula ku Middlesex Hospital ku London. Mwa omvetsera mudali Dr. Anthony Epstein, amene ankafufuza za mavayirasi oyambitsa khansa mu nkhuku. Atamva kuti khansa ya ana iyi imatsata kutentha ndi mvula ya malo, a Epstein adaganiza kuti mwina pali vayirasi, ndipo adapempha kuti azitumiziridwa tizidutswa ta zotupa kuchokera ku Kampala pa ndege. Kwa zaka pafupifupi zitatu sadapeze kanthu. Mu December 1963 ndege ina idalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga nikatera ku Manchester, ndipo katunduyo adafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu. Mmalo mowataya poganiza kuti awonongeka, a Epstein adawayang'ana pa maikulosikopu napeza kuti mbuuyo ndi maselo a chotupa amoyo, oyandama. Maselo amenewa adamera m'chipinda choyezera, ndipo m'kati mwake mudaoneka vayirasi yachilendo. Mu March 1964 magazini ya The Lancet idasindikiza nkhani ya a Epstein, a Bert Achong ndi a Yvonne Barr yonena za vayirasi yoyamba kupezeka m'khansa ya munthu. Buku la a Garfield silidawerengepo zokamba za ku Middlesex zija, chifukwa mau olankhulidwa alibe mndandanda kumapeto kwake. Tingonenanso podutsa kuti vayirasiyo idatchedwa Epstein-Barr, ndipo a Achong, mbadwa ya ku Trinidad amene adali katswiri wa maikulosikopu yamphamvu pa ntchitoyo, dzina lawo lidatsala kunja.

Dziko lathu lidalowa m'nkhaniyi mu October 1961. A Burkitt adafuna kuona ndi maso malire a lamba uja, choncho adanyamuka ku Kampala pa galimoto yakale ya Ford pamodzi ndi madokotala awiri a mishoni, Dr. Ted Williams ndi Dr. Cliff Nelson. Adayenda masabata 10, mtunda wa mamailosi 10,000, nayendera zipatala zoposa 50 kufikira ku Johannesburg, ndipo Nyasaland idali pa njira yawo. Pa chipatala chilichonse ankaonetsa zithunzi, kufunsa ogwira ntchito ndi kutsegula makaundula. Adapeza kuti kufupi ndi pakati pa dziko lapansi, monga ku Uganda, matendawa ankalekezera pa malo okwera mapazi 5,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kuno kwathu malirewo adatsika kufika pa mapazi 3,000, ndipo odwala ankachokera kumalo otsika ndi otentha, m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje. Kummwera kwenikweni malirewo adatsikanso kufika pa mapazi 1,000. Prof. Alexander Haddow wa ku Entebbe, katswiri wa tizilombo touluka, adathandiza kumasulira zimenezi: chimene chinkalamula ndi kufunda kwa malo ndi kuchuluka kwa mvula, ndipo mapu a matendawa ankafanana ndi mapu a kumene udzudzu umaswana bwino.

Zolemba za a Burkitt za mu 1962, m'magazini a Nature, British Medical Journal ndi British Journal of Cancer, zidafalitsa zimenezi pamodzi ndi ganizo lakuti mwina udzudzu kapena kachilombo kena koluma kamanyamula vayirasi ya khansayi. Ganizoli lidatchulidwa kwambiri, koma silidali loona. Zidadziwika pambuyo pake kuti vayirasi ya Epstein-Barr imafala kudzera m'malovu, ndipo anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 aliwonse pa dziko lonse ali nayo, ku Ireland ndi ku Karonga chimodzimodzi. Chimene udzudzu umabweretsa ndi malungo. Mwana amene wadwala malungo mobwerezabwereza kuyambira ali wakhanda chitetezo chake chimatopa, maselo oyera amene ali ndi vayirasi ija amachulukana mopyola muyeso, ndipo mwa ana ochepa selo limodzi limasokonekera ndi kusanduka chotupa. A Burkitt eni ake adalemba mu 1969 kusiya ganizo loyamba lija ndi kuloza ku malungo. Manambala samasiyanitsa zotere. Wotchula nkhani kuti aivomereze ndi wotchula kuti aitsutse, onse awiri amaonjezera imodzi pa chiwerengero.

Palinso chodabwitsa china. Ntchito ikapambana kotheratu, anthu amaleka kuitchula. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1960 madokotala adali atayamba kale kutcha matendawa ndi dzina la a Burkitt, ndipo lero nkhani zikwizikwi zimalemba dzinalo popanda kuika nkhani ya mu 1958 pa mndandanda wawo, monga momwe mphunzitsi wa masamu satchulira buku la munthu amene adayamba kugawa manambala. Mu 2014 magazini ya Nature itawerengera nkhani 100 zotchulidwa koposa zonse m'mbiri ya sayansi, pamwamba penipeni padali nkhani ya a Oliver Lowry ndi anzawo ya mu 1951, yofotokoza njira yoyezera mapuloteni, imene idatchulidwa maulendo oposa 300,000. Nkhani ya a Watson ndi a Crick ya mu 1953, yoonetsa kapangidwe ka DNA, sidalowe nawo m'gulu la 100 lija. Njira yoyezera imatchulidwa ndi aliyense amene waigwiritsa ntchito, pamene chinthu chimene aliyense wachivomereza chimangolowa m'mabuku a sukulu.

Mbali yachiwiri ya zolemba za a Burkitt ndiyo idawatchukitsa kwa anthu wamba. Atachoka ku Uganda mu 1966 ndi kukagwira ntchito ku Medical Research Council ku London, adatenga njira yomwe ija ya mafunso ndi mapu kufufuza chifukwa chimene khansa ya m'matumbo akulu, kudzimbidwa ndi matenda ena ofala ku Ulaya adali osowa m'midzi ya mu Africa. Potsata maganizo a Dr. T. L. Cleave, Dr. Alec Walker wa ku Johannesburg ndi mnzawo wakale uja a Trowell, iwo adati chinsinsi chili m'gaga ndi m'timaulusi ta m'zakudya zosapuntha, zimene Azungu adazichotsa mu ufa wawo. Kwa ife kuno ndi nkhani ya mgaiwa ndi ufa woyera. Nkhani yawo ya mu 1971 m'magazini ya Cancer idatchulidwa kwambiri ndipo idatchulidwa msanga, mosiyana kotheratu ndi ija ya mu 1958, pakuti tsopano adali munthu wodziwika ndipo ankakamba za matenda a anthu a maiko olemera, kumene kuli ofufuza ambiri ndi magazini ambiri. Koma umboni wake udayenda mokhotakhota. Mu 2000 mafukufuku awiri akuluakulu a ku America adapeza kuti kuonjezera zakudya zotere sikudaletse timatupa ta m'matumbo kubweranso mwa anthu amene adatichotsa, pamene mu 2003 kafukufuku wa anthu oposa 500,000 a ku Ulaya adapeza kuti odya zakudya za timaulusi tambiri amadwala khansayi mocheperapo. Lero akatswiri ambiri amavomereza kuti a Burkitt adaloza koyenera, ngakhale adakulitsa mphamvu ya chinthu chimodzi. Ife tikuona kuti ntchito yawo yolimba koposa ndi ya ana a ku Uganda ija, imene idachedwa kuwerengedwa.

Ndipo pali anthu amene manambala sawaona n'komwe. Mutu umodzi susenza denga: pini iliyonse pa mapu aja idali ntchito ya dokotala wa mishoni, sisitala kapena mthandizi wa dokotala pa chipatala cha pa boma, amene adalemba bwino msinkhu wa mwana, mudzi wake ndi pamene padatupa, nasunga kaundulayo kuti chiswe chisadye. Popanda mzere wa mudzi wa wodwala, malire a mapazi 3,000 sakadaoneka. Ku Uganda komweko Sir Albert Cook, amene adatsegula chipatala cha Mengo mu 1897, adali atalemba kale za mwana wotupa nsagwada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mu 1964 a Davies ndi anzawo adasindikiza zimene adapeza atasanthula makaundula a chipatalacho a zaka za 1897 mpaka 1956. Zolembedwa ndi dzanja zimenezo zidadikira zaka zoposa 50 kuti zipeze woziwerenga. Akuluakulu a m'maofesi amene amaona ntchito yosunga makaundula ngati yopatsa mnyamata aliyense amene alibe chochita aganizepo bwino pamenepa. Anawo nawonso adaperekapo zawo: maselo amene adatengedwa mu 1963 ku chotupa cha mnyamata wa zaka 11 wa ku Nigeria akumeretsedwabe m'zipinda zoyezera za maiko ambiri.

Nanga odwala adapindulanji? Kuyambira cha m'ma 1960 a Burkitt ku Kampala, Dr. Peter Clifford ku Nairobi ndi Prof. Victor Anomah Ngu ku Ibadan adayesa mankhwala a methotrexate ndi cyclophosphamide, ndipo adaona zotupa zazikulu zikusungunuka m'masiku owerengeka, ana ena nachira kotheratu. Iyi idali imodzi mwa khansa zoyamba kuchizika ndi mankhwala okha, popanda mpeni. Mu 1972 a Burkitt ndi a Ngu adali m'gulu la olandira mphotho ya Lasker ku America, ndipo m'chaka chomwecho a Burkitt adasankhidwa kulowa mu Royal Society ya ku London. Adamwalira mu March 1993.

Ulusi wa zolemba zawo udabwereranso kuno kwathu. M'zaka za m'ma 2000 Prof. Elizabeth Molyneux wa pa chipatala cha Queen Elizabeth, Prof. Peter Hesseling wa ku Stellenbosch ndi anzawo adasindikiza nkhani zingapo zofufuza mlingo wa mankhwala woyenera ana a ku Malawi. Ku Ulaya ana 9 mwa 10 aliwonse amachira, koma ndi mankhwala amphamvu kwambiri amene amafuna magazi okwanira, mankhwala ambiri othana ndi tizilombo ndi chisamaliro chodula. Mwana woperewera zakudya m'thupi mankhwala oterowo angathe kumupha asadaphe chotupa. Njira ya ku Blantyre idali yopepuka, yotsika mtengo, ya masiku pafupifupi 28, yotsamira pa cyclophosphamide yemwe uja, ndipo ana pafupifupi theka ankapezeka ali bwino patatha chaka. Nkhani zotere sizitchulidwa mofanana ndi za ku London kapena ku Boston, chifukwa amene amazifuna ndi madokotala a zipatala zosauka, anthu otanganidwa ndi odwala amene salemba kawirikawiri.

Zolemba za ku Blantyre zomwezo zimadandaula za ana ofika ku chipatala chotupa chitakula kale, ndi za makolo amene amabwerera kumudzi mankhwala asadathe chifukwa cha mtunda ndi kusowa ndalama za ulendo. Khansa imeneyi imakonda ana a zaka 4 mpaka 9, anyamata kuposa atsikana, ndiwo ana a sukulu ya mkaka ndi a makalasi oyambirira a pulaimale. Kawirikawiri imayamba ngati tsaya lotupa ndi mano ogwedera, kapena diso lotuzuka, kapena mimba yokula msanga, ndipo mphunzitsi amene amaona mwanayo m'mawa uliwonse angathe kukhala woyamba kuzindikira. Maselo ake amachulukana kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri, kotero kuti chotupa chimene chidali ngati ndimu Lolemba chimakhala chitasintha nkhope yonse ya mwana sabata isadathe.